Kasanu Kotsala

Ine ndine Wallace Simkonda. Mukafika pa Chitipa Boma n'kutchula dzina limeneli, ngakhale wogulitsa nthochi akulozerani njira. Ndinachoka ku Kaseye ndi kabudula mmodzi ndi mapazi ong'aluka. Ndasenza matumba padoko la Dar es Salaam, ndayendetsa malole mpaka ku Lubumbashi, ndagona ndi njala pa Kapiri Mposhi, ndipo ndinabwerera kwathu nditakhala pamwamba pa injini ya chigayo, anthu akuthamangira lole ngati kwabwera bishopu. Mbava ndaziona za mitundu yonse, ndipo palibe inandipusitsapo. Ndinkatero ine, mpaka mu Juni 1997, pamene injini ija inasowa masanasana.

Linali Loweruka. Ine ndinali ku Mbeya kukagula malamba a chigayo, mudzi wonse uli kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Nditabwera Lolemba ndinapeza loko ali pachitseko bwinobwino, osathyoledwa. M'kati munangotsala mabawuti anayi pasimenti ndi fungo la dizilo.

Makiyi a loko ameneyo anali awiri. Mmodzi ndinkasunga ine m'sutikesi yanga pansi pa bedi. Winayo ankamuvala m'khosi Lyson Msukwa, amene anandigwirira ntchito pachigayocho zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinaganize kawiri. Ndinamugwira pakolala amayi onse odzagayitsa akuona.

"Bwana," anatero Lyson akutsokomola, "kiyi wanga sanachoke pakhosi pano. Funsani kiyi mnzake."

"Ukuti ndadzibera ndekha? Ine?"

Ndinamukweza m'galimoto ndi kukamutula kupolisi ndi manja anga.

* * *

Mlanduwo unagwera Sajeni Sungani Makwinja, munthu wa ku Phalombe, wowonda, woyankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. Tinayamba ndi mayi Nachali, amene amagulitsa nthochi pamphambano, yekhayo amene sanapite kumaliro chifukwa cha mwendo.

"Mwaghona, mayi," anatero Sajeni, moni wakwathu ukumupinda lilime. "Loweruka munaona chiyani?"

"Ngolo, tata. Ng'ombe ziwiri, pamwamba udzu. Koma udzu wanji wolemetsa ng'ombe mpaka malilime panja? Ine n'nati, ah, mashini a Simkonda apita kwa fundi kukakonzedwa."

"Woyendetsa munamuona?"

"Chipewa chokha n'naona. Maso angawa atha, tata. Gulani nthochi."

Lyson naye anali ndi nkhani yake. Anati Loweruka anaoloka malire kupita kwa sing'anga wa ku Zambia chifukwa cha chifuwa chake, chimene fumbi la ufa linachidya. Anapita yekha, anabwera yekha, ndipo sing'angayo anali atasamuka. Sajeni analemba zonse, nati mlandu ulowa m'khoti Lolemba likubweralo.

Lachitatu m'mawa ndinapeza mkazi wa Lyson, Eluby, atakhala pansi pakhomo panga, mwana kumsana.

"Adada, m'chitokosi muja mukuzizira. Dzulo alavula magazi. Akawapatsa zaka, kundende sakabwerako ndi moyo."

"Akanaganiza zimenezo asanabe."

"Inu mukuwadziwa, adada. Tsiku lija lamba anakudulani chala, anakunyamulani ndani mpaka kuchipatala?"

Ndinalowa m'nyumba. Koma tiyi wa tsiku limenelo sanatsike.

* * *

Tsiku lomwelo dalaivala wina wa lole, mnzanga wakale wa pamsewu wa Tunduma, anandiuza kuti ku Nthalire kwatsegulidwa chigayo chatsopano, injini yake yopaka utoto wobiriwira umene sunaume n'komwe. Lachinayi mbandakucha ine ndi Sajeni tinali pamsewu. Msewu wa ku Nthalire ndauyenda kambiri, ndipo ndikuuzani kuti ngakhale wa ku Congo uli bwino.

Injiniyo ndinaizindikira tisanatsike m'galimoto. Injini yanga imagunda katatu n'kutsokomola kamodzi, ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Ndikanaizindikira pakati pa injini chikwi.

"Ndi yanga iyo!"

Mwini chigayocho, Timothy Munthali, anatuluka ufa uli mbuu mpaka m'nsidze. "Monire, adada. Yanu? Yayi. Ine ndagula kwa mnyamata wa ku Tunduma, kutsidya kwa malire, pepala lili apa."

Linali lisiti lodindidwa bwino, la Chiswahili, ndipo nambala ya injini inalembedwapo: 138664531. Sajeni anawerama, nawerenga nambala yokhomedwa pachitsulo cha injini. Inali yomweyo, osaphonya.

"Yanu nambala yake ndi chiyani, a Simkonda?"

"Ine ndisunge nambala m'mutu? Mvetserani kulira kwakeko, a Sajeni!"

"Woweruza samvetsera kulira kwa injini. Bweretsani mapepala."

Ndinaseka. Mapepala anali m'sutikesi.

Koma nditafika kunyumba, m'sutikesi munalibe mapepala. Kiyi analimo, pasipoti yanga yodzaza zidindo za maiko asanu inalimo, koma envulopu ya injini munalibe. Mwana wanga woyamba, Welcome, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri amene ndinamutcha dzinalo chifukwa anabadwa sabata yomwe ndinabwera kuchokera ku Dar, anandithandiza kufufuza. Anatembenuza matiresi, anakwera mpaka kudenga.

"Mwina ndi mbewa, adadi," anatero akupukuta thukuta. "Kapena Lyson yemweyo. Paja ankalowa muno kudzatenga dizilo."

"Mwana wanzeru," ndinatero ine.

* * *

Lachisanu ndinapita kukamuona Lyson. Ndinatenga bulangete latsopano la ku Mbeya, lolemera, la maluwa ofiira. Ndinadziuza kuti ndikuchitira Eluby. Munthu amene anabwera naye pakauntala sindinamuzindikire msanga. Masiku anayi okha, masaya atalowa, milomo yotuwa.

"Envulopu yanga unaiika kuti?"

"Kuchipinda kwanu sindinapondeko chibadwire, bwana." Anafungatira bulangete lija. "Ngati mukufuna nambala, pitani kwa aphunzitsi a Kayange. Ankaisewera pafumbi."

"Kuisewera?"

"Akamadikira mgaiwa wawo, ankandiuza ndipukute pachitsulo paja. Ndiye ankalemba masamu ndi chala pa ufa wapansi. Masiku awiri anachita nayo. Pomaliza anavina."

Ndinatuluka mutu uli gwa. Pa anthu onse a m'boma la Chitipa, anayenera kukhala Caleb Kayange! Ine ndi mkuluyo tinali tisanapatsane moni zaka zisanu ndi zitatu. Welcome ali Sitandade 7, a Kayange anabwera kunyumba kwanga ndi kunena kuti mwanayo wasintha lipoti la sukulu, kuti masamu anapeza 35 koma waisandutsa 85. Ndinawathamangitsa anthu akuona. Ndinati mwana wa Simkonda sapeza 35, ndipo mphunzitsi amene sanaonepo nyanja yamchere asadzandiuze za mwana wanga.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde, atapuma ntchito kalekale, magalasi omangidwa ndi ulusi. Ndinavula chipewa. Ine, amene sindinavulirepo chipewa ngakhale asilikali a pamalire a Kasumbalesa.

"Odi, aphunzitsi."

"A Simkonda. Kodi nyanja yamchere yaphwa?"

Ndinawafotokozera zonse, za injini, za Nthalire, za Lyson ndi magazi ake. Atamva za Lyson anaika mpeni pansi.

"Nambalayo sindikuikumbuka," anatero. "Manambala asanu ndi anayi ondondozana, mutu wanga uno? Iyayi."

Ndinayamba kuvala chipewa kuti ndizipita.

"Koma ana ake ndikuwadziwa."

"Ana a nambala?"

"Khalani pansi, muphunzire zimene munakana. Nambala zili ngati anthu. Zina n'zopatsa: 12 mutha kumugawa pawiri, patatu, panayi, osatsala kanthu. Zina n'zouma manja: 7, 11, 13. Zimenezo sizigawika, zimangodzidziwa zokha. Tsono nambala iliyonse, ikule bwanji, mukamaigawa n'kuigawa, mumafika pa zouma manjazo. Amenewo ndiwo ana ake. Ndipo chinsinsi chake n'chakuti palibe nambala ziwiri zokhala ndi ana ofanana ndendende. Mukandipatsa ana, ndikupatsani kholo."

"Ndiye inu mukukumbuka ana a injini yanga?"

"Asanu. Ndinavutika nawo masiku awiri, ndingawaiwale? Woyamba 7, masiku a sabata. Wachiwiri 11, timu ya mpira. Wachitatu 13, Ambuye ndi ophunzira awo patebulo. Wachinayi 67, chaka chimene ndinakwatira malemu amayi a kunyumba kuno. Amene uja anandizunza, ndinayesa nambala zambirimbiri ndisanamupeze. Nditagawa ndi 67, chotsala chinali 1993." Anaseka, mano awiri okha kutsogolo. "Chaka chimene tinavotera nyali! Ndinamuyesa ndi zonse, wakana kugawika. Wouma manja weniweni. Ndi pamene ndinavina, Lyson n'kumati nkhalamba yapenga."

Anang'amba pepala m'kope lakale, nalemba manambala asanuwo, nalipinda.

"Ku Nthalire sindinapondeko chiyambire mvula. Injini ya a Munthali sindinaione, ndipo inu musandiuze nambala yake. Pepalali mukapereke kwa a Sajeni lero lomwe, asaine kumbuyo ndi kulemba tsiku. Mawa tipite."

* * *

Loweruka tinafika ku Nthalire dzuwa lili paliwombo, aphunzitsi atasanza kawiri m'njira. Timothy anazimitsa injini mokwiya. Amayi amene anali pamzere anatizungulira ndi malichero awo.

"Mwabweraso? Lero mwatenga na agogo?" anafunsa Timothy.

"Agogowa ndiwo mboni," anatero Sajeni. Anaima kutsogolo kwa chitsulo chija kuti aphunzitsi asaone nambala, natulutsa pepala m'thumba. "Yambani, aphunzitsi."

A Kayange anagwada, nasalaza ufa wapansi ndi chikhatho.

"7 kuchulukitsa ndi 11, tipeza 77. Ndi 13, tipeza 1001. Ndi 67, tipeza 67067. Tsopano wamkulu uja."

Anachulukitsa ndi 1993 mzere ndi mzere, akunong'ona, ufa ukumatirira m'mawondo a buluku lawo la ku tchalitchi. Pomaliza anajambula mzere pansi, nawerenga mokweza.

"133664531."

Sajeni anatembenuka, nayang'ana pachitsulo, nayang'ananso pansi.

"Apa palembedwa 138664531."

"Mwaona!" anakuwa Timothy akuwomba m'manja. "Zasiyana! Yanga njanga!"

M'maganizo ndinaona nkhope ya Eluby. Koma aphunzitsi sanadzuke n'komwe.

"Zasiyana pangati, a Sajeni?"

"Pamodzi. Nambala yachitatu. Inu muli ndi 3, apa pali 8."

"Manambala asanu ndi atatu mwa asanu ndi anayi, pa injini imene sindinaione. Kapena ndine mfiti, kapena wina wagwira chitsulocho. Tiyeni tiifunse yokha." Anasalazanso ufa, nalemba nambala ya pachitsulo. "Ngati ili yoona, ana aja aivomere. Tigawe ndi 7."

Anagawa. "Yakana. Kwatsala 5. Tigawe ndi 11." Chala chinayenda. "Yakana. Kwatsala 5. Ndi 13." Anadzutsa mutu, magalasi ali mbuu. "Kwatsalanso 5. Katatu konse kasanu komweko. A Munthali, munapitako kusukulu. Pa 3 tiwonjezere zingati kuti tipeze 8?"

Timothy anayamba kuwerenga ndi zala.

"Zisanu," anayankha mayi wina kumbuyo.

"Ndi kameneko. Wakubayo anaika kasanu m'nyumba ya eni, ndipo ana onse akukaloza. Limenelo ndi phazi lake."

Sajeni anatulutsa kampeni, nayamba kupala utoto pa 8 uja. Wobiriwira unachoka, pansi pake panatuluka wofiira, utoto wanga, umene ndinagula ndekha ku msika wa Kariakoo ku Dar. Anandiitana kuti ndione. Mbali ya kumanja ya 8 inali yosalala, yakuda ndi ukalamba, yokhomedwa ku fakitale. Mbali ya kumanzere inali timikwingwirima tiwiri tonyezimira, togogoda ndi tchizulo.

Ndinalumpha. Ndinawanyamula aphunzitsi m'mwamba ngati thumba la mtedza. "Ndinanena ine! Simkonda saberedwa! Ndani amene uja, Munthali? Mutchule, ndikamukoke ndi makutu ngakhale ali ku Zanzibar!"

Timothy anali atakhala pa thumba la chimanga, manja kumutu. "A Sajeni, ine wakuba yayi. Ng'ombe zinayi ndinagulitsa. Mnyamatayo anati dzina lake Edward, wa ku Tunduma."

"Ankayankhula Chiswahili?"

"Pachoko waka, pang'ono chabe. Koma ng'ombe yanga itamuponda, anatukwana m'Chilambya cha kwanuko."

"Maonekedwe ake?"

"Wamtali, woyera, mpata kumano. Anavala jekete lachikopa, lakuda, kumsana kuli chithunzi cha phiri la chipale. Anati akufulumira, akupita ku Joni mwezi ukatha. Anati adada ake anayenda maiko asanu, iye ayenda khumi."

Ndinawatsitsa aphunzitsi pansi pang'onopang'ono.

Jekete limenelo m'Chitipa monse linalipo limodzi. Ndinaligula ku Arusha, ndipo ndinamuveka mwini wake ndi manja anga pa Khirisimasi, ndikumusimbira za misewu ya ku Joni imene ine ndemwe sindinaione. Kawiri konse anandipempha kuti apite. Kawiri konse ndinamuuza kuti akhale, adzalandire chigayo.

A Kayange ankapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. Sanandiyang'ane. Akanatha kunena za lipoti lija, za 35 amene anasanduka 85, pamaso pa amayi onsewo, ndipo ndikanawayankha chiyani? Sananene. Anangofufuta masamu aja ndi phazi.

* * *

Tinagona komweko, n'kunyamuka Lamulungu kutacha, injini itamangidwa kumbuyo. Titayandikira Boma, Sajeni anatsokomola.

"A Simkonda, injini yapezeka, koma Lyson sanamasuke. Woweruza anena kuti Lyson anatsegula chitseko, Edward ananyamula. Loko sanathyoledwe. Pokhapokha wina atandiuza kuti kiyi wachiwiri anayenda, mawa m'mawa ndikupita naye kukhoti."

Ndinayang'ana msewu. Ndinadziwa kuti Sajeni jeketelo sanalionepo. Ndinadziwa kuti aphunzitsi sadzatsegula pakamwa. Edward wa ku Tunduma akanatha kukhala Edward wa ku Tunduma mpaka kalekale, ndipo mwezi ukatha mwana wanga akanakhala atawoloka Limpopo. Zinkangofunika kuti ine, Wallace Simkonda, amene pakamwa panga sipanatsekepo chibadwire, ndikhale chete mtunda wa mailosi awiri.

Ndinakhala chete mailosi imodzi. Kenako ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu, pafupi ndi munda wa mapira.

"Lembani, a Sajeni. Kiyi wachiwiri amakhala m'sutikesi, pamodzi ndi envulopu imene inasowa. Amene amadziwa pamene pamakhala sutikesiyo ndi ine, mkazi wanga, ndi mwana wanga Welcome. Jeketelo ndinamugulira ndine."

Sajeni sanalembe msanga. "Mukudziwa chimene mukunena?"

"Ndinauzidwa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Ndinathamangitsa wondiuzayo."

Kumbuyo kwanga aphunzitsi anapumira m'mwamba, naika dzanja lawo lopepuka paphewa panga.

Welcome tinamupeza kunyumba akutsuka nsapato, chikwama chili kale chomanga kuseri kwa chitseko. Ataona injini pagalimoto, anayang'ana ine, osati wapolisi.

"Adadi, inu munachoka ndi kabudula mmodzi. Munkanena nokha kuti mwamuna sapempha njira."

"Ndinkanena," ndinatero. "Koma kabudulayo anali wanga."

Amayi ake analira mpaka anthu anadzaza pabwalo, omwe aja anandiona ndikukoka Lyson pakolala.

Dzuwa likupendeka, anamutulutsa Lyson. Eluby anali pampanda wa polisi kuyambira m'mawa. Lyson anayenda mogwira khoma, ndipo pakhomo anakumana ndi Welcome akulowa. Anayang'anana. Mnyamatayo anagwetsa nkhope.

"Unkadziwa," ndinatero.

"Ndinkaganiza, bwana. Lachisanu lija, injini isanasowe, anandifunsa kulemera kwa injini."

"Bwanji sunanene?"

"Ndinati funsani kiyi mnzake. Kupitirira apo ndikanatani? Mwana uja ndinamuphunzitsa njinga ndine."

Ndinafuna kunena mawu ambiri, ine amene ndanyengererapo asilikali m'zinenero zinayi. Koma ndinangoona kuti Lyson akunjenjemera, ali ndi malaya okhaokha, mphepo ya Juni ikuchokera ku mapiri a Misuku.

"Bulangete lija lili kuti? Katenge, ndi lako."

Lyson anatsokomola nthawi yaitali, Eluby atamugwira m'chiuno. Kenako anapukusa mutu.

"Ndalisiya m'katimo, bwana. Pakona ya kumanzere sipadontha. Mwana wathu sanazolowere simenti."